Gawo Lomaliza la Lufeyo Wanyali

Pa Lunzu amanena kuti gawo lomaliza la katuni ya Lufeyo Wanyali linayamba kuonetsedwa mu vidiyo sho womasulira wake asanaligwire n'komwe. Ena amalumbira kuti analionera ndi maso awo, ena akuti ndi mabodza a makondakitala. Amene anandiuza koyamba ndi munthu woti akati kunja kukugwa mvula uyambe wasuzumira, ndiye ndimakhulupirira theka. Koma zimene zinamuchitikira Dafuleni, zimenezo msika wonse ukuzidziwa.

Dafuleni anali womasulira mafilimu. Mukudziwa anthu aja amatenga filimu yachizungu kapena yachitchaina n'kuikamo mawu awo m'Chichewa, munthu mmodzi kuyankhulira aliyense, mfumu yemwe, hule yemwe, ngakhale galu. Ankakhala yekha m'kachipinda kuseri kwa malo ometera, makoma atawamata zidutswa za matiresi kuti phokoso la maminibasi lisalowe. Mkazi wake anathawa kalekale ndi dalaivala wa thiraki ya simenti, ndipo anatenga ndi makatani omwe. Makolo anamwalira. M'bale amene anatsala naye anali mmodzi, mng'ono wake Lufeyo, ndipo ameneyo anali ku Joni.

Katuni ija inachokera ku gemu. Inalipo gemu yankhondo imene inkaseweredwa kwa a Chikwakwa, bambo amimba aja amene anali ndi vidiyo sho komanso mawayilesi akanema atatu a magemu pakhonde. Mu gemuyo munali kamunthu kena kosafunikira, kowonda miyendo, kamene kankangotulukira ndi nyali kudzalozera asilikali njira, basi n'kusowa. Sikankamenya munthu. Koma akuti kunjako anthu anakakonda kuposa ngwazi zenizenizo, mpaka eni ake anakapangira gemu yakeyake, kenako katuni ya pa kanema ya magawo makumi anayi, kenakonso timabuku tazithunzi. Nkhani yake inali imodzi konseko: munthu wa nyali wasochera kudziko lakutali, akufunafuna njira yobwerera kwawo.

Dzina lake lenileni linali lovuta kutchula. Dafuleni atangoona miyendo ija ndi kayendedwe kopendama, anaseka mpaka kutsamwa.

"Uyu ndi Lufeyo uyu."

Anamupatsa dzinalo, anamupatsanso mawu a mng'ono wakeyo. Lufeyo anali ndi chizolowezi chotsokomola kawiri asanayankhule, ndipo chilichonse chovuta ankachiyankha kuti, "Basi, tiona konko." Dafuleni anazilowetsa zonsezo. Gawo loyamba analitumiza pa foni ku Joni, ndipo mwini dzina anaimba akuseka.

"Achimwene, mwandigulitsa ku Lunzu konse?"

"Ukanakhala ndi miyendo yabwino sindikanakuganizira."

"Mudikire ndibwere, ndidzamasulira filimu ya afisi, wamkulu wake ndidzamutcha Dafuleni."

Katuniyo inatchuka. Ndipo tsiku lililonse la msika, gawo latsopano likatuluka, mu vidiyo sho munkalowa munthu amene simukanamuyembekezera: Edina, mkazi wa Lufeyo. Ankasiyira mnzake benchi yake ya anyezi, n'kukakhala pa mpando wakumbuyo kwenikweni, mzimayi yekhayekha pakati pa malova ndi fungo la nsapato. Ife tinkati mwina akufuna a Chikwakwa. Akazi a Chikwakwa anafika mpaka pomutsatira ndi chikwapu m'chitenje, koma anamupeza atangotseka maso, akumvetsera.

Foni ina inabwera Dafuleni ali pa gawo lachisanu ndi chinayi. Nambala yachilendo, mawu a munthu wachikulire wa ku Mangochi.

"Ndikuyankhula ndi achimwene ake a Lufeyo?"

"Ndine."

"Pepani. Kunabuka moto m'zisakasa zimene timakhala. Mnzathuyo anali atagona. Zakhala sabata ziwiri tikusaka nambala yanu. Tinamuika konkuno."

Dafuleni anayang'ana kompyuta. Kamunthu ka nyali kanali kataima pakati pa msewu, kukamwa kuli yasa, kudikira kuti akapatse mawu. Iye ndi amene anamukankha Lufeyo kuti apite. Lufeyo sankafuna, anali ndi kaukalipentala kake, koma mkulu wake anamunyoza pamaso pa mkazi kuti mwamuna weniweni sakalambira pa mipando ya ndalema.

"Mwalakwitsa nambala," anatero Dafuleni.

Anatulutsa simukhadi mu foni n'kuiluma mpaka kuthyoka. Sikuti anaganiza zobisa mpaka kalekale, ayi. Anati amalize kaye gawoli, mawa akawauze alamu ake. Anavala mahedifoni, anakokera maiki pafupi, anatsokomola kawiri, ndipo mawu a Lufeyo anadzaza m'chipindamo, amoyo, anthabwala. Mawa lake anati amalizenso lina. Zinatha zaka ziwiri.

Kwathu kuno mkazi salira mwamuna wake pongoganizira. Uthenga wa maliro umayenera kuchokera kuchimuna, m'kamwa mwa m'bale, ndipo pokhapo mpamene anthu amasonkhana, mkazi n'kumasula misozi. Kuchimuna kwa Lufeyo kunali Dafuleni yekha. Ndiye Edina anangokhala, osakhala wapabanja, osakhala wamasiye. Amuna akamufunsira ankayankha kuti ali ndi mwini. Akakumana ndi Dafuleni pamsika ankafunsa mwaulemu.

"Alamu, sanaimbeko?"

"Netiweki ya kumeneko ndi yovuta, alamu. Aimba."

Chizungu cha Dafuleni chinali chopereweza, ndiye kuti azidziwa kumene nkhani ikupita ankagula timabuku tazithunzi tija kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe. Timabukuto tinali patsogolo pa katuni. Ndi mmene anadziwira mathero ake anthu onse asanadziwe: munthu wa nyali safika kwawo. Amagwa pamsewu wachilendo, nyali n'kuzima, popanda womuona. Tsamba lomaliza likuonetsa khomo la kwawo, atalisiya losatseka.

Anamasulira magawo makumi atatu ndi asanu ndi anayi. La makumi anayi analisiya mu kompyuta, osalitsegula.

"Iwe Dafuleni, anthu akundidya wamoyo," anatero a Chikwakwa. "Gawo lomaliza lili kuti?"

"Silinafike, bwana."

"Silinafike kuchokera kuti? Kumwamba?"

"Likubwera."

Zachilendo zinayamba pang'onopang'ono, zoti munthu sungauze mnzako osachita manyazi. M'mawa wina anatenga kabuku komaliza kaja n'kupeza masamba atatu akumapeto mulibe. Sanang'ambidwe mwachisawawa ngati mbewa, anadulidwa mowongoka, mmene amadulira munthu wozolowera kuyeza thabwa. Tsiku lina kampando kamene kankakhala kuseri kwa chitseko anakapeza pafupi ndi tebulo, pambali pa mpando wake. Anakabwezera. Atachoka kukagula mandasi anakapezanso pomwepo. Kenako mahedifoni. Ankawasiya pamsomali, koma akawavala m'mawa ankawamva ofunda, ngati wina wangowavula kumene.

Anasintha loko. Anafunsa wometa ngati anaonako munthu. Wometayo anaseka.

"Ndani angabwere kwa iwe? Chichokereni akazi ako, ngakhale nkhuku sizilowa."

Pofuna kudzitangwanitsa anamasulira filimu ya karate. Pomvetsera zimene anajambula, anamva kuti pakati pa mawu ake pali mpweya wina. Iye akamaliza chiganizo n'kupuma, winanso ankapuma, mochedwerapo pang'ono. Anabwereza malowo kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anavula mahedifoni n'kutuluka panja, n'kukaima padzuwa pafupi ndi amayi okazinga chimanga, osagula kanthu, kungofuna kukhala pamene pali anthu.

Pakhonde la a Chikwakwa osewera gemu anayamba kudandaula. Akuti Wanyali wasiya kumvera. Ukamukhotetsera kumanja iye akupita kumanzere, n'kukaima pa khomo lina lake la mu gemumo, osalowa, osabwerera. A Chikwakwa anati ndi fumbi, anapemerera makinawo ndi pampu ya njinga.

Ndiye kunabwera nkhani ya mlendo. Mabasi ochokera ku Joni amadutsa pa Lunzu popita ku Blantyre, ndipo akabaza amawathamangira chifukwa otsika amakhala ndi katundu. Wakabaza wina wachikulire, a Matewere, anamuimitsa Dafuleni pamsewu.

"Mlendo wanu anakupezani?"

"Mlendo uti?"

"Anatsika basi ya Lachiwiri. Chikwama alibe, jumbo alibe. Atavala jekete kutentha konseku. Ndimati ndimukweze, anakana. Anangondifunsa kuti, kodi kwa a Dafuleni kunachitika maliro?"

"Munayankha chiyani?"

"Ndinati ayi, ndikanamva. Iye anati chabwino, n'kubwerera kukaima pa siteji."

"Amaoneka bwanji?"

A Matewere anakanda m'mutu, anayamba kuyankhula, n'kusiya. "Mukudziwa, ndimayesa ndamuyang'ana bwinobwino."

Sabata yotsatira anafunsidwa ndi mayi wogulitsa madzi ozizira. Sabata inayo, wapolisi wa pamsewu. Funso lomwelo, yankho lomwelo, ndipo palibe amene anasunga nkhope. Mayi wamadziyo anangoti atachoka munthuyo panatsala kafungo ka pulasitiki wopsa. Anthu anayamba kumuyang'ana Dafuleni cham'mbali. Ena ankati akuloseredwa imfa yake yomwe, ndipo amene ankadya naye chipisi pa chiwaya anayamba kukumbukira kuti ali ndi zochita kwina.

Tsiku lina la msika, masana dzuwa lili pamutu, a Chikwakwa anamuwomba pamsana akumwetulira.

"Mfiti iwe. Umati silinafike?"

"Chiyani, bwana?"

"Gawo lomaliza. Ndalipeza pa fulashi ija unandipatsa ya karate. Lero ndi tsiku lachitatu, anthu akudzaza mpaka pakhomo. Koma bwanji mu katunimo sunapereke moni kwa ine ngati masiku onse? Ndipo nthabwala mulibe. Ukudwala?"

Dafuleni anakankha chiguduli cha pakhomo n'kulowa.

Mu vidiyo sho mumakhala usiku ngakhale masana. Mazenera anawatseka ndi makatoni, kuwala kumachokera pa kanema pokha. Nthawi zonse mumakhala phokoso, anthu kutukwana adani ndi kuimba mluzu, koma tsikulo munali zii. Munkangomveka fani yakutha ikuzungulira. Dafuleni anatsamira khoma.

Pa kanema, munthu wa nyali ankayenda pamsewu wautali wopanda nyumba. Mawu anali a Lufeyo. Dafuleni ankadziwa bwino mawu amene iye ankapanga, ankadziwa pamene ankawakokomeza kuti anthu aseke. Awa sanali okokomeza. Anali otsika, otopa, a munthu amene wayenda nthawi yaitali osamwa madzi. Ndipo sankanena za mu katunimo.

"Pa Mwanza ndinadutsa. Pa Zalewa ndinadutsa. Ndimafika pa siteji, ndimafunsa, akuti ayi."

Munthu wina kutsogolo anayesa kuseka, koma anasekera yekha n'kusiya.

"Kumene anandisiya sindidziwako munthu. Kwathu sindingalowe, sanamve."

Dafuleni anatembenuza mutu kuyang'ana kumbuyo. Anthu anali atathinana, ena ataima, ena atakhala pansi m'njira. Edina anali pa malo ake, manja pamiyendo. Pambali pake, pa benchi yomweyo, panali mpata wokwana munthu mmodzi. Palibe amene anauza anthu kuti asakhalepo, koma oimirirawo ankachita ngati sakuuona.

Magetsi anazima. Kanema anathima, fani inazungulira kangapo n'kuima. Mumdimamo, anthu asanayambe kudandaula, kunamveka kutsokomola kawiri. Sikunachokere ku masipika. Kunachokera kumbuyo.

Anthu anatuluka mopondana, koma mosakuwa, aliyense akuyang'ana pansi. Panja ena anayamba kukambirana za mpira mokweza kwambiri.

Dafuleni anakadzitsekera m'chipinda chake. Magetsi atayaka chakumadzulo anatsegula kompyuta. Gawo la makumi anayi linali momwemo, m'chinenero cha eni ake, lopanda liwu limodzi la Chichewa. Anakhala akuliyang'ana, ndipo maganizo ena anamubwerera. Womasulira ndi iye. Akhoza kudula pamene munthu uja akugwa, n'kuikapo zithunzi za m'magawo akale, n'kumuyankhulitsa kuti wafika, wapeza ntchito yabwino, abwera pa Khirisimasi. Anthu aseka, a Chikwakwa asangalala, Edina adikiranso chaka china.

Anavala mahedifoni. Anali ofunda. Anakokera maiki, anatsokomola kawiri, n'kutsegula pakamwa.

Anatuluka mawu ake omwe, a Dafuleni, mdala wa zaka makumi anayi ndi zisanu. Anayesanso, kufinya kukhosi mmene ankachitira zaka zonsezi. Palibe. Mawu aja anali atachoka ngati chinthu chobwereka chimene mwini wake wadzatenga.

Kunja ogulitsa ankalongedza katundu, wometa ankasesa tsitsi, minibasi ina inkaitanira anthu a ku Lirangwe. M'mahedifoni munali bata la mtundu wina, lija limakhalapo pa foni munthu akakhala kuti akumvetsera koma sakuyankhula. Dafuleni sanayang'ane kumbali kumene kunali kampando.

"Lufeyo," anatero motsitsa.

Winayo anapuma.

"Ndikanena, ndiye kuti nditsala ndekha."

Anadikira yankho, kuwala kwa pansi pa chitseko kunafiira mpaka kutha. Anazindikira kuti yekha anatsala kalekale, kungoti ankadziyankhula yekha m'mawu awiri.

M'mawa mwake anavala malaya oyera amene ankapita nawo kutchalitchi nthawi imene ankapita. Wonyamula uthenga wa maliro sayenda yekha, amatsagana ndi wamkulu wina wa pabanja, koma iye analibe woti amutenge. Anadutsa pamsika osapereka moni, ndipo amayi a anyezi anasiya zokamba zawo n'kumutsatira ndi maso.

Edina ankakhala kumtunda, kuseri kwa chigayo. Anamupeza pakhonde akusankha anyezi owola m'thumba. Atamuona anapukuta manja n'kulowa kukatenga mpando.

"Alamu, fikani. Khalani apa."

Dafuleni sanafike pakhonde. Anaima pamalire a bwalo, anavula kapusi, n'kukhala pansi padothi. Edina anaima ndi mpando uja m'manja. Kenako anauika pansi pang'onopang'ono, anamanga bwino chitenje, n'kukhala nayenso padothi, patali pang'ono, moyang'ana kumbali.

"Ndabwera ndi mawu, alamu."

"Ndikumva."

"Amuna anu, mng'ono wanga Lufeyo, anatisiya. Moto wa m'zisakasa. Anzake anamuika konko."

"Liti?"

Apa mpamene Dafuleni akanatha kunama kotsiriza, kunena kuti wamva dzulo. Mayi woyandikana naye nyumba, amene anali kuseri kwa mpanda ndipo ndi amene anatiuza zonsezi, akuti anamva yankho lake bwinobwino.

"Papita zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Anandiimbira ine. Ndinawauza kuti alakwitsa nambala. Nthawi zonse zimene munkandifunsa pamsika zija, ndinkadziwa."

Edina anatola kanyezi kamene kanagubudukira pafupi ndi phazi lake, n'kukagwira m'manja.

"Benchi ya kwa a Chikwakwa ija imalira ngakhale pakhale mwana," anatero. "Chiyambire dzinja latha, pamabwera munthu kudzakhala pambali panga, benchi osalira. Sindinatembenukepo. Mukuganiza kuti sindinkadziwa?"

"Nanga bwanji simunanene, alamu?"

"Ndikanene kwa ndani? Ndipite kwa amalume anga kuti ndamva mu katuni? Wonena ndi inu. Ine ndimangodikira pakamwa panu."

"Ndinaopa. Ndine ndinamutumiza."

"Zimenezo mukawauze ang'ono anuwo. Ine mwandidyera zaka ziwiri, alamu. Anzanga amasiye analira, anameta, ena anakwatiwanso. Ine misozi ndakhala ndikuyenda nayo ngati madzi a pamutu, osapeza potula."

Dafuleni anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinatsala pang'ono kukhudza dothi.

"Nenaninso," anatero Edina. "Mokweza, anthu amve. Mutchule dzina."

Dafuleni anadzutsa mutu. Munthu amene anayankhulira mafumu, mahule ndi agalu kwa zaka khumi ndi zisanu anavutika kutulutsa chiganizo chimodzi m'mawu ake enieni. Koma anachitulutsa, mpaka wa pa chigayo anazimitsa injini.

"Lufeyo anamwalira. Mng'ono wanga anamwalira ku Joni, ndipo ine Dafuleni ndinabisa."

Edina anaika kanyezi kaja pansi, ananyamula manja onse awiri n'kuwaika kumutu, ndipo anayamba.